Mphanga za pa Njira ya ku Seoul

Pamsika wa nsomba wa kudoko la Busan panalibe munthu wosamudziwa Pyo Malsun. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wamawu oti akaitana wogula ngakhale a kutsidya kwa msewu ankacheuka. Chiyambire utsikana wake ankatumbula nsomba pabenchi imodzimodziyo, atavala epuloni ya labala ndi jombo zofika m'mawondo. Mwamuna wake atagwa n'kufera pomwepo kunyumba yosambirako anthu, Malsun ndiye anayendetsa maliro onse. Analandira alendo, anawathirira mowa, anatonthoza abale a malemuyo, ndipo sabata isanathe anali atabwerera pabenchi yake. Anthu ankati mayi ameneyu ndi chitsulo.

Chinthu chija chinamupeza patapita zaka ziwiri, tsiku lopanda vuto lililonse. Anali ku saluni kukapotetsa tsitsi. Wokonza tsitsiyo anamumanga nsalu m'khosi, n'kumutsitsira chimakina chotentha kumutu, n'kupita kukathandiza wina. Pa kanema ankanena za nyengo. Mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda kuti thi! thi! thi! ngati munthu akumenya chitseko ndi chibakera. Mpweya unakana kulowa. Zala zinachita dzanzi, thukuta lozizira linatsetsereka kumsana, ndipo anthu onse m'chipindamo anaoneka ngati ali kutali, kuseri kwa galasi. Mumtima anangoti, basi, yanga yakwana, ndikutsatira mwamuna wanga. Anasomphola nsalu ija, n'kuthamangira panja mutu uli timapulasitiki tokhatokha, n'kukakhala pansi m'mphepete mwa msewu.

Ambulansi inamutengera kuchipatala. Anamuyeza mtima, anamutenga magazi, anamujambula pachifuwa. Koma pofika nthawiyo zonse zinali zitadutsa, iye atangotsala lefu ngati nsalu yofinyidwa.

"Mtima wanu uli bwinobwino, mayi," anatero dokotala.

"Nanga chimene chimandipha chija n'chiyani?"

"Zikuoneka ngati ndi nthenda ya mantha. Ndikulemberani kuti mukaonane ndi dokotala wa za maganizo."

Malsun anadzuka pabedi paja, n'kuvala nsapato zake. "Mwana iwe, ukandiyang'ana chonchi ukuona wamisala?" Sanadikire yankho.

Chinthucho chinabweranso. Chinamupeza m'sitima ya pansi pa nthaka, zitseko zitangotsekeka. Chinamupeza m'chikepe cha panyumba yosanja yomwe ankakhala. Chinamupeza pamzere ku banki. Paliponse pomwe chamugwira, Malsun ankasiya kupitako. Anasiya sitima n'kuyamba kukwera basi, basi nayo itamukanika anayamba kuyenda pansi. Kunyumba ankakwera masitepe, mawondo akulira. Ku saluni sanapondekonso, tsitsi ankangolifundika ndi mpango. Foni ikalira ndi uthenga wa boma wochenjeza za mphepo yamkuntho, thupi lonse linkazizira. Choopsa kwambiri sichinali chinthucho ayi, koma kuchidikira. Akadzuka m'mawa, asanatsegule n'komwe makatani, ankayamba wamvetsera mtima wake ngati munthu womvetsera mapazi a wakuba.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Daun, yemwe anakwatiwa ku Seoul. Chaka chimenecho Daun anali woyembekezera, ndipo ankaimba foni pafupipafupi.

"Amayi, mubwera liti? Simunaonebe ngakhale nyumba yathu yatsopano."

"Ino ndi nyengo ya nsomba za makerele, mwananga. Ndingasiyire ndani benchi?"

"Mwezi watha munati ndi nyengo ya nkhanu."

"Nanga ndine ndimapanga nyengo?"

Daun ankangoti, "Chabwino, amayi. Moni kwa nsomba zanuzo." Foni ikaduka, Malsun ankakhala ataigwirabe m'manja. Akanamuuza bwanji mwana woti ali ndi pakati kuti mayi ake, aja ankakalipira amuna a matupi akuluakulu padoko, lero akuopa chikepe?

Amene anatulukira nkhaniyi anali Ma Deokja, wogulitsa nkhono ndi nkhanu pabenchi yoyandikana nayo. Deokja anali wamkulu kwa Malsun ndi zaka zingapo, woonda ngati ndodo, wosuta fodya, wapakamwa posasamba. Tsiku lina masana anamupeza Malsun atanyonyomala kuseri kwa makatoni, ayezi ali m'manja akudzikanikiza naye pakhosi, milomo ili mbuu.

"Make Daun, ukutani kuno? Wabisa mwamuna kuseri kwa makatoniwa?"

"Achemwali, ndikufa."

Deokja anataya fodya, n'kunyonyomala pambali pake. Anangomugwira dzanja mpaka kunjenjemera kunachepa.

"Umafa kangati pa sabata?" anafunsa pambuyo pake. "Usandinamize, ine ndili ndi maso. Chiyambire dzinja ukumangothawira kuno. Tsitsi lakolo lafika pokhala ngati chisa cha khwangwala. Wachepa thupi, epuloni ikuchita kukuzungulira kawiri."

Malsun analira. Chimwalirire mwamuna wake anali asanalirepo pamaso pa munthu. Anafotokoza zonse, za saluni, za sitima, za dokotala uja.

"Ndiye unamutukwana mwana wa eni chifukwa chokuuza zoona? Mawa tikupita."

"Anthu akandiona adzati chiyani?"

"Tipita kutsidya kwa mtsinje komwe sakukudziwa. Wina akatiwona ndidzati wodwala ndine. Palibe amene angadabwe."

Chipatalacho chinali chaching'ono, pamwamba pa sitolo ya buledi. Malsun ankayembekeza kupeza anthu ong'amba zovala, koma pamipando panali bambo wa suti, mayi wobereka chikwama cha kumsika, ndi wokalamba wina akuwodzera. Dokotala wake, mayi wachitsikana dzina lake Yeom, anamumvetsera osamudula mawu.

"Mayi, munawetapo galu?" anafunsa atamaliza.

"Kumudzi, ndili mwana."

"M'thupi mwa munthu aliyense muli galu wolondera. Akaona choopsa amauwa, mtima n'kuthamanga, mpweya n'kufupika, kuti munthu athawe. Wanuyu wayamba kuuwa popanda wakuba. Phokoso lake n'lenileni, simukunamizira ayi. Koma kuuwako sikupha. Kumakwera, kufika pamwamba, kenako n'kutsika kokha."

"Mupheni galuyo."

"Sitingamuphe, tsiku lina mudzamufuna. Timuphunzitsa basi."

Anamupatsa mankhwala akumwa m'mawa uliwonse, ndi ena oti amwe pokhapokha zikavuta kwambiri. Anamuletsa khofi. Anamuphunzitsa kutulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati akuuzira msuzi wotentha, osalimbana ndi kuukoka. Kenako ananena mawu amene Malsun sanawakonde.

"Malo onse munawathawa aja muyenera kubwererako. Osati lero onse, koma pang'onopang'ono. Mukamathawa, galu uja amakhulupirira kuti analidi wakuba."

Ndimo anayamba. Msika ukatsekedwa, awiriwo ankatsikira ku sitima ya pansi, kukwera, kutsika pa siteshoni yotsatira, n'kubwerera wapansi. Tsiku loyamba Malsun anafika pakhomo la sitima n'kubwerera, zitseko n'kutsekeka Deokja ali m'kati yekha, akutukwana kudzera pagalasi. Masiku ena zinkatheka. Masiku ena ankatsika malaya atanyowa ndi thukuta. Chilimwe chikutha anali atayamba kupirira masiteshoni angapo, koma za ulendo wa ku Seoul, wa maola m'sitima yothamanga yosatsegula mawindo, sankafuna n'kuziganiza komwe. Ankadzilimbitsa mtima kuti mwezi udakalipo mwana asanabadwe.

Mwana sanadikire mweziwo. M'mawa wina, Malsun ali pakati potumbula nsomba, foni inalira. Anali mkamwini wake, Bang Seokju.

"Amayi, tili kuchipatala. Matenda ayamba msanga. Madokotala akuti mwana abadwa lero."

Kenako anamva mawu a Daun, ofooka, odukaduka.

"Amayi, ndikuopa. Bwerani. Lero lokha musandiuze za nsomba."

"Ndikubwera," anatero Malsun. Atadula foni anaika mpeni pabenchi.

Deokja anali atamva zonse. Anavula epuloni, anapempha mayi wa benchi ya kutsogolo kuti awaonerere katundu, n'kuthamangira kwa wogulitsa zouma kukatenga mtolo waukulu wa ndere za m'nyanja, zija amaphikira msuzi mayi amene wangobereka kumene.

"Tiye. Ukadzafa, ukafere kwa mwana wako, usativutitse kunyamula maliro."

Anakwera sitima akununkha nsomba, mtolo wa ndere uli pamiyendo. Malsun anamwa mankhwala aja a pakavuta, n'kukhala kumpando wa m'mphepete mwa kanjira. Zitseko zinatsekeka. Sitima itangotuluka m'tauni inalowa m'mphanga yoboola phiri, ndipo pawindo panangoti bii. Makutu anatsekeka. Pagalasi lakudalo Malsun anaona nkhope yake yomwe, yotuwa, maso ali tong'o.

Anachimva chikubwera. Anayesa kuuzira msuzi uja, koma mpweya unathera pakhosi. Mphangayo siinkatha. Anaganiza za phiri lonse lili pamwamba pa mutu wake, miyala, mitengo, manda a anthu, zonse zitamutsamira. Anaimirira.

"Ndituluke, achemwali. Auzeni aimitse."

"Aimitse pati, m'mimba mwa phiri? Khala pansi."

"Mtima ukuphulika!"

"Unaphulika kangati chaka chino? Si uwu ulipobe? Tulutsa mpweya. Tiye, limodzi ndi ine. Fuuu."

Bambo wina wa kutsidya kwa kanjira anakweza maso pa foni yake n'kuwayang'ana. Deokja anamubwezera diso. "Bambo, simunaonepo munthu akupuma?" Bamboyo anaweramanso.

Kuwala kunabwera, minda ya mpunga inaoneka, ndipo Malsun anayamba kupeza bwino. Koma asanapukute n'komwe thukuta, sitima inalowa m'mphanga ina. Itatuluka, inalowanso ina. Njira yonseyo inali yoboola mapiri. Chinthu chija chinkatsika pang'ono n'kukweranso, ngati mafunde a tsiku la mphepo. Sitima itaima pa siteshoni ya Daegu, pakati pa ulendo, Malsun sanafunse munthu. Anadzuka, anakankha anthu okwera, n'kutulukira panja. Deokja anatsatira akukoka mtolo wa ndere, ndipo sitima inanyamuka n'kuwasiya.

Anakhala pabenchi ya pa siteshoni. Kunali kamphepo kozizira. Malsun anaika mutu pakati pa mawondo.

"Sindingathe," anatero pomaliza. "Ndibwerera kunyumba. Ndimuuza kuti ndadwala m'mimba."

"Chabwino," anayankha Deokja, mawu ali phee. "Sindikukakamiza. Koma udziwe kuti kobwererako nako ndi mphanga zomwe zija. Uli pakati, make Daun. Uku mphanga, uku mphanga. Kusiyana kwake n'koti uku kuli benchi ya nsomba, uku kuli mwana wako."

Malsun anadzutsa mutu. Ankayang'ana njanji zikunyezimira padzuwa. Sitima ina yopita ku Seoul inafika, anthu anatsika, ena anakwera, iye ali chikhalire. Inanyamuka.

Foni inalira. Anali Seokju.

"Amayi, wabadwa! Wamkazi. Ndi wamng'ono, amuika m'kabokosi kofunditsira ana, koma walira. Daun ali bwino, wangotopa. Mwafika pati?"

"Pa Daegu."

"Pa Daegu? Sitima yawonongeka?"

Malsun anatsegula pakamwa kuti avomere. Bodza linali pafupi, mkamwini atachita kumupatsa yekha. Koma anatopa nalo.

"Sitima ili bwino, bambo. Wawonongeka ndine. Ndikufotokozerani ndikafika. Mumuuze Daun kuti ndikubwera, ngakhale mochedwa."

Atadula foni analira kwambiri, mapewa akugwedezeka, osasamala za anthu odutsa. Mwana wake anamuitana pa tsiku limodzi lokha lomwe ankamufunadi, ndipo anabereka mayi ake ali pabenchi ya siteshoni. Zimenezo sizikanabwezekanso. Deokja anamusiya alire. Anapita kukagula matikiti ena, n'kubwera ndi tiyi wa balere ndi mazira owiritsa.

"Idya, agogo. Wakhala agogo tsopano, usamalire ngati mwana wa sukulu."

Anakwera sitima yotsatira. Mphanga yoyamba itafika, chinthu chija chinabweranso, champhamvu ngati poyamba. Malsun anagwira zogwirira za mpando mpaka zala zinayera. Ulendo uno sanaimirire. Sikuti analimba mtima, koma mphamvu zolimbana nacho zinali zitatha. Mumtima anati, bwera, chita zomwe ukufuna, ine sindisuntha. Mtima unagunda, manja anachita dzanzi. Iye ankangotulutsa mpweya, kudikira, kutulutsanso. Chinakwera mpaka anaganiza kuti apa pokha ndiye mapeto. Kenako, ali m'kati mwa mdima womwewo, sitima isanatuluke n'komwe m'phiri, anamva chikuyamba kumasuka. Chinatsika chokha, pang'onopang'ono, n'kumusiya ali wonyowa, wotopa, koma wamoyo.

Anatembenuka kuti amuuze Deokja, koma anapeza mnzakeyo atagona, kukamwa kuli yasa, mtolo wa ndere ataukumbatira ngati mwana.

Anafika ku Seoul dzuwa litapendeka. Kuchipatala, Malsun anayang'ana chikepe chodzaza anthu n'kupukusa mutu. Zalero zakwana. Anakwera masitepe, Deokja akudandaula pambuyo kuti mapapo ake sanapangidwire zimenezi.

Seokju anawatengera kaye pawindo la chipinda cha ana. Mdzukuluyo anali m'kabokosi kagalasi, wofiira, timanja tonga timitengo ta machesi, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Malsun anatsamira chipumi pagalasi n'kumuyang'ana kwa nthawi yaitali.

Daun anali chigonere, nkhope yotupa, tsitsi litamatirira pachipumi. Ataona mayi ake anatembenukira kukhoma.

"Mwabwera."

"Ndabwera, mwananga. Ndachedwa."

"Ndimangoyang'ana pachitseko. Aliyense akalowa ndimayesa ndinu."

Malsun anakhala pampando wa pambali pa bedi. Deokja anakoka Seokju n'kutuluka naye panja. Ndipo Malsun anafotokoza, mawu ali pansipansi, maso ali pa manja ake. Ananena za tsiku loyamba lija, za ambulansi, za masitepe, za mankhwala, za benchi ya pa Daegu. Daun anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mpango wa kumutu kwa mayi ake, masaya olowa, malaya omwe anali atawakulira.

"Nthawi yonseyi? Ambulansi inakunyamulani, ine osadziwa?"

"Unali ndi pakati. Sindinafune kukusenzetsa."

"Ndiye munaona kuti n'kwabwino ndiziganiza kuti simundifuna?" Misozi inatsikira m'makutu mwa Daun. "Ndinkalira, amayi. Ndinkamuuza Seokju kuti chimwalirire bambo, amayi alibenso nane ntchito."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi ndi ine?"

Malsun anasendera pafupi. Anatambasula dzanja n'kuyamba kumuchotsa tsitsi pachipumi. Daun sanalikane dzanjalo, koma sanamwetulirenso. Mkwiyo wake sunathe tsiku limenelo. Unatenga masabata, ndipo nthawi zina unkabuka pa zinthu zazing'ono, monga kapindidwe ka matewera.

Deokja anabwerera ku Busan m'mawa mwake kukayang'anira mabenchi onse awiri. Malsun anatsala. Anaphika, anachapa, anasambitsa mdzukulu atatuluka m'chipatala. Mwanayo anamutcha Iseul. Tsiku lina akuyamwitsa, Daun anafunsa osakweza maso.

"Chikakugwirani ine ndili pomwepo, ndizitani?"

"Usandiuze kuti ndikhazike mtima pansi. Ndikanatha ndikanaukhazika kale. Usaitanenso ambulansi. Ungokhala pafupi, uzilankhula zako."

Nthendayo siinathe. Inachepa, inkatha masabata osabwera, kenako n'kutulukira tsiku lomwe sankaiyembekeza. Malsun anapitiriza kumwa mankhwala ndi kuonana ndi dokotala Yeom, ndipo ulendo wa pakati pa Busan ndi Seoul anauyenda kambirimbiri, nthawi zina bwinobwino, nthawi zina movutika.

Dzinja litafika, chinamupeza m'sitolo yaikulu ya pafupi ndi nyumba ya Daun. Munali anthu ambiri, magetsi owala kwambiri, nyimbo zikulira, wina akulengeza za nyama pa chimkuzamawu. Malsun anaima pakati pa mashelefu, n'kugwira ngolo yogulira ndi manja onse awiri. Daun, mwana ali pachifuwa, anaona nkhope ya mayi ake ikusintha. Nayenso anachita mantha, zinaonekera m'maso. Koma sanafuule. Anasendera pafupi mpaka phewa lake linakhudza la mayi ake, n'kuyamba kulankhula za apongozi ake, amake a Seokju, momwe amathirira shuga wambiri m'kimchi, ndiwo ya kabichi wa tsabola ija, momwe Seokju amayamikira pamaso pawo kenako n'kukamwa madzi kukhitchini. Anthu ankawalambalala ndi ngolo zawo. Iseul ankayamwa chibakera chake.

Patapita kanthawi Malsun anamasula manja, n'kupukuta thukuta ndi mkono wa jekete.

"Chadutsa?" anafunsa Daun.

"Chadutsa."

"Tipite kunyumba?"

Malsun anayang'ana m'ngolo muja, n'kutulutsa kabichi yemwe Daun anasankha. Anamutembenuza, n'kumufinya pang'ono.

"Uyu ndi wa dzana. Ndani anakuphunzitsa kugula iwe? Tiye tikasankhe wina."